Bwalo la hurling la kumudzi lisaweruzidwe ndi chiwerengero cha anthu

Anthu a ku Ireland ali pa mkangano wa mabwalo a masewero, ndipo mkanganowu wafika mpaka pa matebulo a tiyi m'nyumba za makalabu. Bungwe la Gaelic Athletic Association, lomwe limayendetsa hurling ndi masewero ena a makolo a ku Ireland ndipo aliyense amangoliti GAA, lili ndi makalabu opitirira 1,600 pachilumbachi, ambiri mwa iwo kumidzi. Vuto ndi lakuti anthu akuchoka kumidziko. Kalembera wa 2022 adapeza anthu 5.15 miliyoni mu Republic of Ireland, ndipo 1.46 miliyoni mwa iwo adali mu county (boma) ya Dublin yokha, pomwe county yonse ya Leitrim idali ndi anthu ongopitirira 35,000. A Jarlath Burns atakhala pulezidenti wa bungweli mu Febuluwale 2024 adaika nkhaniyi patsogolo, komiti yapadera nkuyamba kuunika za kusamuka kwa anthu. Kuchokera apo, mawu omwe kale ankanenedwa monong'ona ayamba kumveka poyera. Akuti ndalama zitsate anthu. Akuti makalabu ang'onoang'ono aphatikizidwe, malire a parishi afufutidwe, ndipo tileke kuika magetsi pa mabwalo omwe ana ake akutha.

Ine ndili kumbali inayo, ndipo ndinene msanga kuti tisazungulirane. Kalabu ya kumudzi iyenera kusunga bwalo lake, dzina lake ndi malire ake, ndipo bwalolo lipitirize kulandira thandizo la ndalama ngakhale m'zaka zomwe kalabuyo ikulephera kupeza osewera okwanira timu imodzi. Matimu angathe kubwerekana ana, angathe kusewera ali ochepa, zonsezo ndilibe nazo vuto. Chomwe ndikukana ndi kutseka kalabu ndi kusiya bwalo chifukwa cha chiwerengero cha chaka chino. Osewera amabwera m'mibadwo, nthawi zina ambiri, nthawi zina ochepa, koma malo akangochoka m'manja mwa mudzi sabwereranso.

Kwa omwe sadaonepo hurling, ndi masewero a timu ziwiri za anthu 15 mbali iliyonse, pa bwalo lalikulu kuposa la mpira wamiyendo, lotalika mamita 130 mpaka 145. Wosewera aliyense amanyamula ndodo yophwatalala kumapeto yotchedwa hurley, yomwe kuyambira kale imasemedwa ku mtengo wa ash, ndipo amamenya kampira kolimba kachikopa kotchedwa sliotar. Kampirako kakalowa mu ukonde ndi chigoli cha mapointi atatu, kakadutsa pamwamba pa mtanda pakati pa mizati iwiri yaitali ndi pointi imodzi. Munthu amaloledwa kukawakha ndi dzanja, kukanyamula pa ndodo akuthamanga, kukamenya kali m'malere. Kuyambira mu 2010 aliyense amakakamizidwa kuvala chipewa choteteza mutu ndi nkhope, ndipo mu 2018 bungwe la UNESCO lidaika masewerowa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Ndatchula zonsezi pofuna kuti mfundo imodzi imveke: luso la hurling lili m'mikono ndi m'maso, ndipo munthu saliphunzira atakula. Mwana amayamba ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kumenya kampira pa khoma tsiku ndi tsiku. Choncho funso la komwe kuli bwalo ndi khoma ndi funso la komwe hurling idzakhaleko zaka makumi awiri zikubwerazi.

GAA idakhazikitsidwa pa 1 Novembala 1884 mu Hayes' Hotel m'tauni ya Thurles, motsogozedwa ndi Michael Cusack ndi Maurice Davin, panthawi yomwe midzi ya ku Ireland idali isanachire ku njala yoopsa ya m'ma 1840 yomwe idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi ndi kuthamangitsa ena ochuluka chimodzimodzi. Maziko ake adali parishi. M'ma county ambiri a kumidzi lamulo likadali lakuti umasewerera kalabu ya parishi yomwe udabadwira kapena yomwe ukukhala. Wosewera sagulidwa, sagulitsidwa, ndipo salandira malipiro, ngakhale atasewera pamaso pa anthu 82,300 mu Croke Park, sitediyamu yaikulu ya GAA ku Dublin. Munthu yemwe mwamuona pa kanema Lamulungu akukweza chikho, Lolemba m'mawa mumupeza akuphunzitsa pasukulu kapena akukama ng'ombe.

Tiyeni tione kalabu imodzi mwapafupi. Ballyhale ndi kamudzi ka anthu mazana ochepa kummwera kwa county ya Kilkenny. Chisanafike chaka cha 1972, parishiyi idali yogawikana: Ballyhale, Knocktopher ndi Knockmoylan, aliyense kukokera kwake, ndipo palibe yemwe ankaopedwa. M'chaka chimenecho adagwirizana kupanga kalabu imodzi, Shamrocks, yovala zobiriwira ndi zoyera. Mu 1973 adapambana gawo lotsika la mpikisano wa county, mu 1974 lapakati, ndipo mu 1978 adatenga chikho chachikulu cha Kilkenny koyamba. Msana wa timu imeneyo adali abale asanu ndi awiri a banja la Fennelly, bere limodzi. Adatenga chikho cha makalabu a Ireland yonse mu 1981, 1984 ndi 1990. Kenaka mbadwo umenewo udakalamba. Atapambana mu Kilkenny mu 1991, chikho chidawasowa kwa zaka 15, ndipo pakatipo adatsika gawo mpaka kubwerera mu 1997. Munthu wowerengera mitu akadafika pa Páirc na Seamróg, bwalo la kalabuyi, m'zaka zimenezo akadanena kuti zatha, idali mphamvu ya banja limodzi basi.

Koma m'zaka zomwezo mudali mnyamata wina, Henry Shefflin, yemwe adakula akumenya kampira m'chipinda chosewerera squash kuseri kwa bala ya makolo ake. Mnyamata ameneyo adadzatenga mamendulo khumi a All-Ireland, mpikisano wa ma county a Ireland yonse, ndi timu ya Kilkenny. Pambuyo pake padabwera James Fitzpatrick, TJ Reid, ana a mmodzi mwa a Fennelly aja, Michael ndi Colin, kenaka Joey Holden, Adrian Mullen ndi Eoin Cody. Kalabuyi idatenganso chikho cha Ireland yonse mu 2007, 2010, 2015, 2019, 2020 ndi 2023, kukwanitsa zisanu ndi zinayi, zomwe palibe kalabu ina ya hurling yafikapo. Pofika mu 2022 idali ndi zikho 20 za Kilkenny, zisanu zomalizazo motsatizana. Ndikufuna muone zaka 15 za chilala zija kuposa zikhozo. Udzu unkatchetchedwabe, mizere inkajambulidwabe, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale ankatulutsabe ana panja ndi ndodo zawo. M'mera mpoyamba, ndipo mmerawo udakulira pa bwalo lomwe silinkapambana kanthu.

Ndifotokozeko zomwe zimapezeka pa bwalo la kalabu ya kumudzi, chifukwa ena akamva zakuti zipangizo amaganiza za sitediyamu. Kalabu yomwe mwana wanga wamkazi amasewerako ili m'parishi ina ya m'chigawo cha Leinster, ndipo sindiitchula. Pali bwalo lalikulu limodzi ndi lina laling'ono la ana, zipinda zinayi zosinthiramo zovala, kakhitchini, holo yomwe ili ndi zithunzi za matimu akale pakhoma, ndi kachipinda kolimbitsira thupi. Pambali pali khoma lalitali la konkire lokhala ndi kapinga wochita kupanga kutsogolo kwake, pomwe ana amamenyerapo kampira, ndipo kuzungulira bwalo lonse kuli kanjira koyendamo pansi kokhala ndi magetsi. Mwezi wa Novembala kuno kumada nthawi isanakwane 5 koloko madzulo, ndipo misewu ya kumidzi ndi yopapatiza, yopanda poyenda munthu. Lachiwiri lililonse ndikafika ndimapeza gogo wina wamwamuna atatsegula kale geti, makiyi ali pa chingwe m'khosi, akukoka thumba la timipira tonyowa. Ana akamaphunzira, amayi atatu okalamba ovala majekete owala amazungulira kanjira kaja kasanu, akukambirana za maliro ndi mitengo ya mafuta otenthetsera nyumba. Palibe mmodzi wa iwo adagwirapo hurley. Ndalama zomangira zonsezi zidachokera ku lotale ya kalabu ya sabata ndi sabata, yomwe matikiti ake amagulitsidwa m'sitolo ndi m'bala, ku mipikisano ya mayere, ndi ku thumba la boma lothandiza zomangamanga za masewero. Dothi adakumba ndi mathirakitala a alimi a m'parishi momwemo, osalipidwa.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya chilungamo cha manambala, ndipo si yopepuka. Akuti m'madera ozungulira Dublin, Kildare ndi Meath muli makalabu okhala ndi ana mazanamazana pa msinkhu umodzi, omwe amagawana bwalo limodzi la khonsolo, ena nkubwezedwa chifukwa malo adzaza. Malo mumzinda ndi okwera mtengo koopsa: GAA ya Dublin idalipira pafupifupi €9 miliyoni mu 2017 kugula malo a Spawell, ndipo mu 2018 kalabu ya Na Fianna ya mumzindawo idatsala pang'ono kulandidwa bwalo lake kwa zaka zingapo chifukwa cha ntchito ya njanji yapansi panthaka. Akufunsa kuti, kodi n'chilungamo kuika magetsi pa bwalo la ana 40 pomwe ana 400 alibe poponda? Akuwonjezeranso kuti mizinda yaonetsa kuti ingathe kubala hurling yabwino, poti Cuala, kalabu ina ya ku Dublin, idatenga chikho cha Ireland yonse mu 2017 ndi 2018, ndipo Na Fianna idachitenga mu 2025.

Zonsezo ndi zoona, koma sizikutifikitsa komwe iwo akufuna. Poyamba, vuto la mumzinda ndi la malo, ndipo limathetsedwa ndi makhonsolo pokakamiza omanga nyumba kusiya mabwalo akamatsegula madera atsopano. Ndalama zomangira khoma limodzi la kumudzi sizingagule ngakhale ngodya ya bwalo ku Dublin, moti mutalanda midzi yonse zomwe imalandira, ana 400 aja adzakhalabe pamzere. Chachiwiri, ndalama zambiri za bwalo la kumudzi si za likulu ayi. Ndi za anthu a m'parishimo, ndipo mlimi yemwe amagula tikiti ya lotale sabata iliyonse amatero chifukwa bwalolo ndi lake. Mukatseka kalabu yake, ndalama imeneyo siisamukira ku Dublin, imangotha. Chachitatu, kuwerenga ana okha n'kuwerenga molakwika. Mwana wa mumzinda akasowa malo ku hurling ali ndi dziwe losambira, mpira wamiyendo, rugby, basketball, zonse pafupi. M'parishi zambiri za kumidzi positi ofesi idatsekedwa, polisi idatsekedwa (mu 2013 mokha maofesi a polisi pafupifupi 100 adatsekedwa m'dzikoli), bala yatsala imodzi, ndipo wansembe mmodzi akutumikira matchalitchi atatu. Holo ya kalabu ndiyo yatsala ya msonkhano, ya tiyi wa pambuyo pa maliro, ya magule a ana. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera okalamba m'nyumba, adali anyamata ndi atsikana a makalabu omwe ankawagulira chakudya ndi mankhwala, chifukwa ndiwo ankadziwa khomo lililonse. Amayi atatu a majekete owala aja sapezeka pa kaundula wa osewera, koma magetsiwo akuwagwiritsa ntchito kuposa mwana wanga.

Mfundo yachiwiri ndiyo imandisangalatsa kwambiri, chifukwa otsutsa amaitenga ku Ballyhale komweko. Akuti, taonani, kalabu yopambana kuposa zonse idabadwa mwa kuphatikizana, nanga mukukaniranji mankhwala omwe adachiritsa ena? Akutchulanso St Thomas' ya ku Galway, yomwe idakhazikitsidwa mu 1968 pophatikiza madera a Peterswell, Kilchreest ndi Castledaly, nkudzatenga chikho cha Ireland yonse mu 2013 ndi 2024. Akuti lamulo la parishi lasanduka ndende: mwana waluso amakakamira mu timu yosakwanira, yogonja ndi mapointi makumi awiri sabata iliyonse, mpaka amataya mtima nkusiya. Amakumbutsanso kuti malire a parishi adalembedwa ndi mpingo kalekale, anthu akuyenda pa ngolo, ndipo lero banja likhoza kukhala mamita mazana awiri kuchokera pa bwalo la kalabu ina koma nkukakamizidwa kuyendetsa mwana makilomita khumi.

Yankho langa ndi lakuti tiyang'anitsitse zomwe zidachitika mu 1972. Omwe adaphatikizanawo adali anthu a parishi imodzi, okumana m'matchalitchi omwewo, okwatirana okhaokha, ndipo adagwirizana okha popanda wowalamula kuchokera ku likulu. Kuphatikizana kuja kudalimbitsa malire a parishi, sikudawafufute. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi kutenga maparishi atatu omwe akhala akulimbana kwa zaka zana nkuwapatsa dzina latsopano ndi yunifomu yachilendo. Zikatero, timu imakhaladi yamphamvu, koma chiwerengero cha osewera chimatsika. Ganizirani makalabu awiri, iliyonse ili ndi anyamata 17. Onse 34 amasewera, ngakhale wonenepa ndi wamantha yemwe, chifukwa popanda iye timu siikwana. Mukawaphatikiza, 15 ndiwo amalowa, asanu nkudikirira kunja, ndipo pakatha zaka ziwiri enawo simuwaonanso pabwalo. Wochedwa kukula, yemwe akadadzakhala katswiri pa zaka 22, amatayika ali ndi zaka 14. Kuwonjezera apo, mabwalo awiri safunikanso mofanana, limodzi limayamba kumera thengo, ndipo gogo wa makiyi uja sangayende makilomita 15 kukatsegula geti la eni ake.

Pali njira zina zomwe zikugwira kale ntchito. Makalabu oyandikana amaphatikiza matimu a ana pa msinkhu womwe wachepa, ana aja akakula aliyense nkubwerera kwawo. Pali mipikisano ya osewera 13 kapena 11 mbali iliyonse. Ndipo ku Cork kuli dongosolo lomwe ndimadabwa kuti ma county ena salitengera: osewera abwino a m'makalabu ang'onoang'ono a dera limodzi amapanga timu ya dera yomwe imalowa mu mpikisano waukulu wa county, kwinaku aliyense akusewererabe kalabu yake. Timu ya mtundu umenewu, Imokilly, idapambana mu 2017, 2018, 2019 ndi 2024, ndipo Séamus Harnedy, wochokera ku kalabu yaing'ono ya St Ita's, wakhala mzati wa timu ya Cork kwa zaka zoposa khumi osasiya kwawo. Za banja lokhala pafupi ndi bwalo la eni ake, ndikuvomereza kuti makomiti ena amauma mutu mopanda nzeru, ndipo milandu yotere iziweruzidwa payokhapayokha mwachifundo. Koma mukangotsegula chitseko kuti aliyense apite komwe akufuna, ana aluso onse adzakhamukira ku kalabu ya m'tauni yokhala ndi makochi ambiri, ndipo mudzakhala mwapha ndi manja anu zomwe mumati mukupulumutsa.

Mfundo yachitatu ndi ya ngongole ndi mpikisano wodzionetsera. Akuti parishi ina ikamanga khoma, yoyandikana nayo imafuna lalitali kuposa, ina ikaika kapinga wochita kupanga, inayo imafuna holo yamasewero, ndipo katundu yense amagwera anthu khumi omwewo a mu komiti omwe atopa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akutinso n'zochititsa manyazi kuti bungwe lomwe mu 2018 lidaletsa makampani a juga kuthandiza matimu ake likudalira lotale ndi mayere opambanira nyumba kapena galimoto. Pamenepa ndiwapatsa theka. Kudzionetsera kulipo, ndipo kalabu ya anthu 300 siifunika malo okhala ochemerera chikwi. Chuma chitagwa mu 2008 makalabu ena adamira m'ngongole, makamaka a m'matauni omwe adagula malo atsopano podalira kugulitsa akale kwa omanga nyumba. Komabe tikamanena za ngongole zomwe zikulemera GAA, tiyang'ane komwe zili. Sitediyamu ya Páirc Uí Chaoimh ku Cork idatsegulidwanso mu 2017 itadya pafupifupi €96 miliyoni ndipo idasiya ngongole ya pafupifupi €30 miliyoni. Sitediyamu ya Casement Park ku Belfast yakhala yotseka kuyambira 2013. Poyerekeza ndi zimenezi, ngalande zochotsa madzi pabwalo, magetsi ndi khoma ndi zinthu zotsika mtengo zomwe zimagwira ntchito masiku onse a chaka. M'dziko la mvula yosatha ngati lino, bwalo lopanda ngalande ndi dambo kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Pamene JP McManus, mpondamatiki wa ku Limerick, adapereka €1 miliyoni ku county iliyonse mwa 32 mu Disembala 2023, adalamula kuti ndalamazo zigawidwe ku makalabu, osati zikhale ku likulu la county. Pa chinthu chimodzi chimenecho adaona bwino kuposa akuluakulu ambiri.

Mfundo yachinayi imandikhudza ndekha. Akuti kalabu ya parishi ndi ya eni nthaka, ya mabanja omwe maina awo ali pa zithunzi za pakhoma, ndipo mlendo ndi mkazi amadya zotsala. Sindingatsutse ndi mtima wonse. Chaka chathu choyamba m'parishiyi, timu ya atsikana a camogie, yomwe ndi hurling ya akazi, inkapatsidwa bwalo nthawi yomwe anyamata sakulifuna, ndipo tsiku lina tidafika nkupeza zipinda zosinthira zili zokhoma, ana nkuvalira m'magalimoto mvula ikugwa. Ine ndemwe ndidaima pampanda miyezi itatu wina asanandifunse dzina. Mabungwe a akazi ndi oima paokha, la camogie kuyambira 1904 ndi la mpira wa Gaelic wa akazi kuyambira 1974, ndipo mabwalo ambiri ndi a GAA, choncho atsikana akhala ngati alendo pakhomo pawo. Mu Meyi 2025 osewera a camogie adachita kukana kuvala timasiketi tomwe lamulo linkawakakamiza, fainolo ya chigawo cha Munster ya Cork ndi Waterford nkuimitsidwa, kenaka msonkhano wapadera nkuvomereza makabudula ndi mavoti 98 pa 100 alionse. Kusalidwa chifukwa cha khungu nakonso kulipo: Lee Chin, wosewera hurling wa ku Wexford, adatukwanidwa ndi wochemerera wina mu 2023.

Koma funsani kuti ndi kalabu iti yomwe imasintha msanga, yaikulu kapena yaing'ono? Kalabu yosowa anthu siingakwanitse kusankha. Ifeyo, yemwe adabwera kudzandifunsa dzina adali gogo wa makiyi, ndipo chifukwa chake chidali chosabisa: timu ya atsikana osakwana zaka 12 idali ndi ana 13, ndipo mwana wanga amathamanga. Lero ndine amene ndimagulitsa matikiti a lotale pageti. Tauni yaing'ono ya Ballyhaunis ku Mayo, komwe kuli anthu ambiri ochokera kunja, kalabu yake imadziwika m'dziko lonse chifukwa chokatenga ana a obwera ndi kuwapatsa ndodo. Amalawi omwe tikugwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'mafakitale a m'matauni ang'onoang'ono kuno tikudziwa kuti khomo lachidule lolowera m'mudzi wa ku Ireland ndi geti la bwalo. Za akazi, ntchito yophatikiza mabungwe atatuwa, yomwe akutsogolera ndi a Mary McAleese, pulezidenti wakale wa dzikoli, idaikidwa kuti ithe mu 2027. Ikatheka, bwalo lililonse lidzafunika kunyamula matimu owirikiza kawiri, ndi zipinda zosinthira zoyenera onse. Imeneyi ndi mfundo yowonjezera mabwalo, osati yochepetsa. Ndingakonde kuti thandizo lililonse la boma lizibwera ndi lamulo lakuti atsikana apatsidwe maola ofanana ndi anyamata, olembedwa pakhoma aliyense aziona.

Yatsala mfundo yomwe ndimaiopa kuposa zonse. Akuti khoma silibereka ana. Achinyamata akupita ku Dublin, ku Sydney, ku Perth ndi ku Toronto chifukwa cha ntchito ndi nyumba, malamulo omangira nyumba kumidzi ndi okhwima moti mwana wa mlimi amavutika kupeza chilolezo chomanga pa munda wa bambo ake, ndipo GAA ilibe mphamvu pa zimenezi. N'zoona, ndipo pali madera, makamaka kugombe la kumadzulo, komwe sukulu ikulandira ana awiri kapena atatu pachaka. Sindikunena kuti magetsi apabwalo adzasintha zimenezo. Ndikunena kuti banja laling'ono likamaganiza zobwerera, poti tsopano ambiri akugwira ntchito pa intaneti ali kunyumba, limafunsa za sukulu ndi za kalabu. Ndikunenanso kuti pali anyamata ogwira ntchito ku Dublin omwe amayendetsa galimoto maola awiri Lachisanu madzulo kukachita masewero olimbitsa thupi kwawo, ndipo chingwe chimenecho ndicho chimawakokera kumudzi akafuna kukwatira ndi kumanga. Mukachidula, mwawonjezera chifukwa china chosabwerera. Malo a kalabu amasungidwa m'dzina la matrasti a GAA, omwe ndi osungira bungweli chuma chake, ndipo sagulitsidwa popanda chilolezo cha bungwe. Lamulo limenelo lisafewetsedwe, chifukwa mabwalo ambiriwa adagulidwa ndi makolo omwe poyamba ankasewera m'minda yobwereka kwa alimi, kusuntha mizati chaka ndi chaka, ndipo pa mitengo ya malo ya lero palibe parishi ingagulenso. Madzi akatayika saoleka.

Mtunda pang'ono kuchokera ku Ballyhale, kumadzulo kwa mzinda wa Kilkenny, kuli Tullaroan, kalabu yomwe idayamba mu 1884, kwawo kwa Lory Meagher, katswiri wakale wa hurling yemwe dzina lake lili pa chimodzi mwa zikho za dziko. Ili ndi zikho 20 za county, koma chomaliza idachitenga mu 1994, ndipo mu 2014 idatsika gawo, Tommy Walsh, mmodzi mwa otchinga kumbuyo opambana m'mbiri ya masewerowa, ali mu timumo. Walsh adasiya kusewerera Kilkenny chaka chomwecho, koma kalabu sadaisiye. Adalimbana zaka zisanu m'gawo lapakati mpaka kubwerera pamwamba mu 2019, ndipo mu Januwale 2020 parishi yonse idakwera mabasi kupita ku Croke Park kukaona timu yawo ikugonjetsa Fr O'Neill's ya ku Cork ndi pointi imodzi pa fainolo ya Ireland yonse ya gawolo. Mawa lake pa bwalo lomwelo Ballyhale idagonjetsa Borris-Ileigh ya ku Tipperary, parishi inanso ya alimi, nkutenga chikho chachikulu.